Nyundo Pamaso pa Namtsuko

1. Mkazi wa mwala

Pa Kanyenje, kamsika kamene kali m'mbali mwa msewu waukulu pakati pa Nyimba ndi Petauke, panali mkazi mmodzi amene sankadwala, sankapita kumaliro, ndiponso sankayankha moni. Mkaziyo anali wa mwala woyera. Anaima pakati pa thamanda la simenti patsogolo pa holo, atanyamula mtsuko paphewa. Anthu ankamutchula kuti Namtsuko.

Anabwera naye ndi mzungu wina wogula thonje m'masiku a atsamunda. Mzunguyo anabwerera kwawo kalekale, koma Namtsuko anatsala. Amayi ankamuseka kuti ndi mkazi wosalangidwa, chifukwa munthu wolangidwa sanyamulira madzi paphewa nkhata ilipo. Anamuveka ndi chitenje chomwe, poti amene anamusema anamumana zovala.

Komabe panalibe womuda. Kunsi kwa mtsuko wake kunali zibowo zisanu ndi ziwiri, ndipo pachibowo chilichonse pankatuluka madzi ozizira ochokera ku kasupe wa m'phiri. Mu Okutobala wa chaka cha 1974 zitsime zonse zinali zitauma. Mumtsinje munatsala mchenga wokhawokha. Midzi inayi inkamwa kwa Namtsuko.

Potunga panali lamulo lake. Mayi akafika m'mamawa ankaika mtsuko kapena ndowa pamzere, n'kupita kukagwira ntchito zina. Chiwiyacho ndicho chinkamusungira malo. Panalibe wosuntha chiwiya cha mnzake, ndipo aliyense ankadziwa mwini wa mtsuko uliwonse monga ankadziwira nkhope yake.

Mmodzi wa otunga pamenepo anali Josephine Daka, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi. Kwawo kunali kwa Nyalugwe, koma ankakhala ndi amalume ake, aFebian Mumba, mmisiri womanga nyumba, kuti akhale pafupi ndi sukulu. Anali mu Giredi 7. Kunatsala milungu itatu kuti alembe mayeso opitira kusekondale.

2. Phunziro limene linatulukira pazenera

Lachitatu mphunzitsi wawo, aLungu, anali kuphunzitsa za mayiko akutali. Atatchula dziko la Agiriki, analoza cha kuholo.

"Amene mumati Namtsuko uja kwawo ndi kumeneko," anatero. "Agiriki akale anali ndi nthano ya mfumu imene inabereka ana aakazi makumi asanu. Inawakwatitsa onse tsiku limodzi, koma inapatsa aliyense mpeni, n'kumulamula kuti aphe mwamuna wake. Onse anamvera, kupatula mmodzi. Omverawo atamwalira, milungu yawo inawalanga kuti azitunga madzi ndi mitsuko yobowoka mpaka muyaya. Namtsuko ndi mmodzi wa iwowo."

"Ndiye kuti timamwa madzi a chigawenga!" anafuula mnyamata wina kumbuyo. Kalasi yonse inafa ndi phwete.

Josephine anakweza dzanja. "Aphunzitsi, nanga mmodzi wosamverayo zinamuthera bwanji?"

"Anabisa mpeni, n'kuuza mwamuna wake kuti athawe. Bambo ake anamutsekera m'ndende."

"Nanga bwanji sanaseme iyeyo?"

ALungu anakanda m'mutu. "Funso limenelo silibwera pamayeso, Josephine. Khala pansi."

Sanadziwe kuti pazenera panaima munthu. Anali aWiseman Sakala, tcheyamani wa achinyamata a chipani, amene anabwera kudzatenga ana kuti akayeseze perete wa chikondwerero cha zaka khumi za ufulu. Anali mwamuna wamtali, wamagalasi akuda, wosasiyana ndi wenzulo m'khosi. Kwawo kunali ku Katete. Pa Kanyenje anabwera kudzakwatira.

Analowa osaodira.

"Mwamva, ana imwe?" anatero. "Zaka khumi tili pa ufulu, koma m'mawa uliwonse amai athu akugwadila mkazi wachizungu wakupha mwamuna. Muganiza mzungu uja anamuika pano mwangozi? Anali kutiuza kuti ndife otunga ndi mtsuko wobowoka, anthu osadzaza kanthu. Ndi chipongwe chimenecho! Loweluka m'mawa tizamuphwanya, alendo a chikondwelelo asamupeze. Ana a kalasi ino, aliyense azamenya nyundo imodzi. Woyamba ndiwe wamafunso iwe."

Analoza Josephine.

"Wokana, dzina lake lizapita kwa ahedi, ndipo mayeso azangowamvela kwa anzake."

ALungu anaweramira m'buku lawo.

3. Chenjezo la amalume

Josephine anapeza amalume ake pamthunzi wa mtengo wa mango, akuzika mpini pakhasu. Atawafotokozera, khasu linawapulumuka.

"Akuti aphwanye?" anafunsa. "Mwana uja wa ku Katete akudziwa chimene chili m'kati mwa mwala uja?"

"Muli chiyani, amalume?"

AFebian anayang'ana uku ndi uku asanayankhe. "Ine ndinali m'gulu lokumba ngalande yake ndili mnyamata. Paipi imachokera kuphiri, imadutsa pansi pa thamanda, imakwera m'mwendo wake wamanzere, kudzera pamsana, mpaka mumtsuko. Potsekera palibe. Paipiyo inadyeka ndi dzimbiri, ikugwiridwa ndi mwala womwewo. Akaswa mwala, idzathyokera pansi pa simenti, ndipo madzi adzalowerera m'nthaka. Mapaipi otere kuno kulibe, amapezeka ku Lusaka kokha. Mvula nayo ikali kutali."

"Ndiye kawauzeni, amalume!"

"Khala pansi, mwana wa mlongo wanga, undimvere bwino." AFebian anatsitsa mawu. "Ine ndinagwirapo ntchito kwa mzungu uja. Ndikangotsegula pakamwa adzati Mumba akulira atsamunda. Masiku ano munthu akakuloza chala chimenecho, ntchito yomanga suionanso, ngakhale ya chimbudzi. Pamsika amakubweza pachipata, khadi la chipani uli nalo m'manja. Ndaona amuna amphamvu kuposa ine akuweramitsidwa.

"Tsono iwe. Amayi ako analima mtedza zaka zisanu ndi ziwiri kuti ufike pamene ulipa. M'banja mwathu palibe mkazi amene anaponda pakhomo la sekondale. Kwatsala milungu itatu yokha. Usataye zaka zisanu ndi ziwiri chifukwa cha m'mawa umodzi. Akakupatsa nyundo, landira ndi manja awiri. Umenye pang'ono, ngakhale pachitenje, ubwerere pamzere. Si iwe amene udzathyole paipi. Pambuyo pako pali anyamata makumi awiri amphamvu zawo. Mlandu sudzakhala wako.

"Madzi tidzaona chochita. Tidzafukula mchenga kumtsinje monga ankachitira makolo. Ludzu lidzatha mvula ikagwa, koma mayeso akakudutsa sadzabweranso. Mwana wamng'ono salimbana ndi anthu a wenzulo. Wandimva?"

"Ndamva, amalume."

"Wamva chabe, kapena wavomera?"

Josephine anatola ndowa n'kulunjika kwa Namtsuko. Atafika anakwera pakhoma la thamanda, nagunditsa khutu pamwendo wamanzere wa mkazi wa mwalayo. M'katimo munkamveka madzi akukwera, kuti sooo, osalekeza.

4. Loweruka

Dzuwa la Loweruka linatuluka lokwiya kale. Pamzere panali mitsuko ndi ndowa zopitirira makumi asanu, koma eni ake anathamangitsidwa pathamanda. Anaunjikana pansi pa mtengo wa mkuyu, manja ali m'chiuno. AFebian anaima kumbuyo kwenikweni, chipewa atachitsitsira kumaso.

Ana a Giredi 7 anafika akuguba, achinyamata a chipani ali uku ndi uku. ASakala anaimba wenzulo katatu, nyimbo n'kuduka.

"Lelo tichotsa manyazi a pa Kanyenje!" anafuula. "Josephine Daka, kutsogolo!"

Anamupatsa nyundo yoswera miyala, ya mpini wautali. Josephine anailandira ndi manja awiri monga anamuuzira amalume ake. Anavula nsapato, nalowa m'thamanda. Madzi anamufika m'mawondo.

Anaima pamaso pa Namtsuko. Chitenje chinali chitasuluka ndi dzuwa. Timitsinje tisanu ndi tiwiri tinkagwa kuchokera mumtsuko, kumuthovokera padiresi.

Kenaka anawerama, nagoneka nyundoyo pansi pa madzi mosamala ngati akugoneka khanda.

"Sindimenya," anatero.

Kunkamveka madzi okha.

"Wati bwanji?" anafunsa aSakala.

"Ndati sindimenya, bambo. Paipi ya madzi ili m'mwendo umu. Tikaswa mwala tathyola paipi. Mawa titunga kuti?"

"Wakuuza zimenezo ndani?"

Josephine sanacheukire kumene kunali amalume ake. "Aliyense wokhala ndi khutu akhoza kumva. Bwerani mugunditse lanu."

Amayi ena pansi pa mkuyu anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka.

"Boma lizabweletsa mpopi watsopano!" anakalipa aSakala. "Mpopi wa anthu omasuka!"

"Ubwere kaye, bambo. Madzi akatuluka pampopi umenewo, ine ndidzakhala woyamba kumenya, ndipo ndidzamenya kawiri."

"Iwe kamwana, ukuteteza chigawenga cha azungu?"

"Sindikuteteza mwala ayi. Mwala sumva ludzu." Josephine analoza Namtsuko. "Inu munali pazenera, nthano munaimva. Mkazi uyu bambo ake anamupatsa mpeni, iye n'kumvera. Ndi chifukwa chake ali pano. Ine mwandipatsa nyundo."

ASakala anatembenukira kwa ana. "Wachiwili! Iwe wakumbuyo uja unati chigawenga, bwela!"

Mnyamatayo anayang'ana zala za kumapazi kwake. Amayi ake anali pansi pa mkuyu, ndipo ndowa yawo inali yachisanu pamzere. Sanasunthe. Wachitatu nayenso anachita ngati wagontha.

"Chabwino," anatero aSakala, akupinda buluku. "Nizamenya nekha."

5. Mtsuko wa kutsogolo

Pamene aSakala ankalowa m'thamanda kukavuula nyundo, Josephine anachita chinthu chimene mtsikana wa pa Kanyenje sanachitepo. Anatambasula manja, nanyamula mtsuko woyamba pamzere popanda kupempha mwini wake. Anaukhazika pamapazi pa Namtsuko, pamene madzi amagwera, iye n'kuima pambali pake.

Amayi onse anati, "Hii!"

Unali mtsuko wakuda, wa mizere itatu m'khosi. Josephine ankaudziwa bwino lomwe. ASakala okha ndi amene sanaudziwe, poti mwamuna amangoona madzi ali kale m'beseni.

"Chotsa chimphika icho!" anatero, nyundo ili m'manja.

"Si changa, bambo. Ndi nthawi yake yotunga."

ASakala anakweza mwendo kuti aukankhe.

"Iwe mwana wa aDaka!"

Mawuwo anachokera pansi pa mkuyu. Gulu linapatuka, ndipo panatulukira mayi wamfupi, waimvi, nkhata ili m'manja. Anali amai Eneless, woumba mbiya. Analinso mayi wobereka mkazi wa aSakala.

Mwendo wa aSakala unatsalira m'mwamba.

Kudera limenelo mkamwini saonana maso ndi maso ndi apongozi ake aakazi. Akawaona akubwera, amapatukira kutchire. Ngati pali mawu, amadzera mwa munthu wina. Choncho amai Eneless anaima chammbali, nkhope ataloza kuphiri, n'kumalankhula ndi Josephine.

"Uwauze abambo awo kuti mtsuko uwo ni wanga. Ninaumba nekha, ninaotcha nekha. Uwauze kuti madzi amene amasamba asanavale magalasi amabwela mu mtsuko uwo. Tiyi amene amamwa, ni mtsuko uwo. Matewela a mwana wao, mdzukulu wanga, ni mtsuko uwo. Ngati mwendo wao ukuyabwa, aumenye, ine nili pano.

"Uwauzenso kuti ufulu tinauvinila ife iwo akali kusewela ndi dothi ku Katete. Mzungu tinamukana, madzi a m'phili mwathu sitinawakane. Mkazi wa mwala uyo kaya anapha ndani kwao, ife sitidziwa. Kuno wagwila nchito zaka makumi atatu osapumula. Alipo mkamwini pa Kanyenje amene angamuyandikile pa nchito?"

Pansi pa mkuyu panabuka nthungululu.

Josephine anatembenukira kwa aSakala mwaulemu wonse. "Bambo, akuti ndikuuzeni kuti mtsukowu ndi wawo."

"Namva!" ananong'ona aSakala.

Anatsitsa mwendo. Anavula magalasi. Mwambo unkafuna kuti anjute, ndipo ananjutadi momwemo m'madzi, buluku lonse n'kunyowa. Kenaka anayamba kubwerera chambuyo, maso ali pansi, mpaka anagunda khoma la thamanda n'kutuluka.

Amayi sanadikire kuuzidwa. Aliyense anatenga chiwiya chake, nachikhazika mozungulira Namtsuko, m'madzi ndi pakhoma pomwe. Posakhalitsa panalibe poponda. Munthu wofuna kufika pamwalawo akanayenera kuswa kaye mtsuko wa mayi ake, wa mlongo wake, kapena wa apongozi ake. Achinyamata a chipani anayamba kuzemba mmodzimmodzi.

Amai Eneless anasenza mtsuko wawo wodzaza. Podutsa pafupi ndi Josephine anaima.

"Koma iwe," anatero, "usazagwilenso mtsuko wanga osapempha. Wamva?"

"Pepani, amai. Sindidzachitanso."

"Lelo lokha nakukhululukila."

ASakala anali ataima kuseri kwa holo, madzi akuchucha m'miyendo. Anatulutsa kabuku m'thumba la malaya. Analemba dzina limodzi lokha.

6. Kalata ndi nsungwi

Kalata inafika dzuwa lisanapendeke. Inachokera kwa ahedi. Inati Josephine Daka asalowe m'kalasi mpaka komiti ya sukulu itamva mlandu wake wonyoza atsogoleri pagulu. Abwere Lolemba m'mawa pamodzi ndi womulera. Komitiyo ndiyo idzagamule ngati dzina lake likhalebe pamndandanda wa olemba mayeso.

Josephine anawawerengera amalume ake kalatayo ali chiimire.

Atamaliza, aFebian anatenga kalatayo, naipinda.

"Ndinakuchenjeza," anatero.

"Munandichenjeza, amalume."

"Ukudziwa kuti aSakala amakhala nawo m'komiti imeneyo?"

"Ndikudziwa."

"Tsono akakuuza kuti upepese, unene kuti unalakwa?"

"Kwa amai Eneless ndapepesa kale, chifukwa mtsuko unali wawo. Za nyundo sindipepesa. Akandipatsanso Lolemba, ndikaigonekanso m'madzi."

AFebian anamuyang'anitsitsa. Kenaka anadzuka, nalowa m'nyumba. Josephine anamva akukoka sutikesi yachitsulo pansi pa bedi. Anatuluka ndi kachidutswa ka nsungwi kotseka ndi chitsononkho. M'katimo munali pepala lakale, lofiirira, lokulungidwa bwino.

"Anakufunsa kuti wakuuza ndani, iwe sunanditchule," anatero. "Ine ndinaima kumbuyo, chipewa kumaso, mwana wa mlongo wanga ali yekha m'madzi. Manyazi amenewo sindigona nawo kawiri. Ichi ndi chithunzi cha njira ya paipi. Kapitawo wathu anandisiyira pochoka. Lolemba tipita tonse, ndipo ndikalankhula ndine."

Anatambasula pepalalo pamphasa, napanikiza ngodya zake ndi miyala. Mzere wakuda unkachokera kuphiri kutsikira kuholo. Josephine anautsata ndi chala. Usanafike pathamanda, panali kamtanda kofiira.

"Apa ndi chiyani, amalume?"

"Ndi polumikizira. Tinasiyapo kamwa lotseka ndi chitsulo, kuti tsiku lina padzaikidwe mpopi. Munthu atakumba pamenepo, madzi angatuluke osadzera mwa Namtsuko. Zikatero, kaya amuphwanye kaya amusiye, midzi imwabe."

Josephine analumpha. "Ndiye bwanji simunanene kale?"

AFebian anapukusa mutu. "Werenga mapazi amene alembedwa apo. Makumi anayi kuchokera pakhoma la thamanda, kulowera kuphiri. Pamalo amenewo pali chiyani lero?"

Josephine anatseka maso, nayenda mapaziwo m'mutu mwake. Anadutsa mkuyu. Anadutsa mbendera. Anakaima pakhomo la kanyumba katsopano ka njerwa zootcha, kamene aSakala anamangitsa chaka chatha kuti kakhale ofesi yawo.

"Pansi pa tebulo lawo penipeni," anatero aFebian.

Kuchokera kuholo kunkamveka phokoso la ndowa ndi kuseka kwa amayi otunga. Josephine anakulunga pepalalo, nalibwezera m'nsungwi, natseka ndi chitsononkho.

"Ndiye Lolemba mutenge pepalali, amalume," anatero. "Piki ndinyamula ine."